Mmene Ndinamangira Pulogalamu ya Mijigo

Usiku watha ndinalota zinthu zoti munthu wanzeru sangauze anzake a kuntchito, koma poti madzi a tiyi sanawire ndipo bwana sanafike, kokani mipando. Limbikani, tasiya kaye foniyo. Iwe Ndaziona ulimo m'malotomu, ndiye ndikupepeseratu.

Mukudziwa ntchito imene yandizunguza mutu sabata ino, pulogalamu ija ya bungwe lokonza mijigo. Mjigo ukawonongeka kumudzi, nkhani yake izilowa mu kompyuta, izionetsa mmisiri amene wapatsidwa ntchitoyo, ndiponso ngati wayamba kapena wamaliza. Khodi yake, mawu onse amene pulogalamu imapangidwa nawo, analemba anthu ena n'kuisiya poyera kuti wofuna atenge. Yanga inali kungoitenga, kuimanga kuti iyambe kugwira ntchito, kuiyesa, kenaka mawa Lachisanu tikaonetse eni ake. Mukukumbukiranso kuti pamsonkhano paja ndinadziguguda pachifuwa kuti zimenezo n'zochepa, pofika nkhomaliro ndikhala nditatha. Nkhomaliro zingapo zadutsa.

Ndiye m'malotomo ndangopezeka ndili kuseri kwa ofesi ino, dzuwa lili paliwombo, a Kamzimbi, bwana wathu, akubwera akukankha wilibala. M'wilibalamo muli khodi yonse, itaumbidwa ngati njerwa, njerwa iliyonse ili ndi timawu take pamsana. Afika, akhuthulira pamapazi anga.

"Fatsani, manga."

"Ndekha, bwana?"

"Si iwe unati n'zochepa?"

Ndiye ndavula jekete, ndatola njerwa yoyamba kuti ndiyale maziko, mwadzidzidzi njerwayo yatsokomola.

"Achimwene, mukungotigwira osapereka ndi moni womwe? Ife sitimangidwa popanda mwini mbumba. Kaitaneni amalume."

"Amalume anu ndani?"

"Osunga zonse aja. Popanda iwo nkhani za mijigo tiziika pati, m'thumba mwanu?"

Wadziwa kale Limbikani, zimanena detabesi, mmene pulogalamu imasungiramo nkhani zake. Ndiye ndathamangira pa intaneti, koma intanetiyo ndi depoti ya minibasi, kondakitala akung'amba bandulo yanga pang'onopang'ono ngati chitumbuwa. Amalumewo ndawapeza ataima pa siteji: nkhokwe yeniyeni ya nsungwi, denga la udzu atalipendeketsa ngati chipewa. Ndawabereka kumsana, ndafika nawo thukuta lili kamukamu. Njerwa zawayang'ana kuyambira kudenga mpaka kumiyendo.

"Awa ndi amalume aakulu. Ife timamvana ndi ang'ono awo."

Ndabwereranso. Ang'onowo akuti sayenda opanda akazi awo. Akazi awo akuti sakhala pansi mlamu wawo asanafike. Mlamuyo wabwera ndi apongozi ake, apongoziwo abwera ndi anthu oti ngakhale njerwa sizikuwadziwa, mpaka kuseri konseku kwadzaza ngati pachinkhoswe. Awiri ena akana kukhala mphasa imodzi, ati wina ndi wachikale, winayo ndi wamakono mopitirira. Ine, mwamuna wa digiri yanga, ndagwada pakati pawo ndikuwomba m'manja: "Pepani akuluakulu, n'zamawa izi, tangogwirizanani."

Agwirizana monyinyirika. Ndiye ndayamba kumanga, khoma likukwera, mtima wayamba kukhala pansi, mwadzidzidzi phewa langa lagwidwa. Kucheuka, wapolisi.

"Akumanga pano ndani?"

"Ndine, bwana."

"Inu? Omanga ndife. Mukumanga yani?"

"Pulogalamu, bwana."

"Yalakwa chiyani?"

Ndisanayankhe khoma lonse lafiira, mizere yofiira ikutsika ngati mmene imachitira pa kompyuta zinthu zikakana. Wapolisi uja wayamba kuiwerenga mokweza ngati milandu, ndipo akamawerenga khosi likufufuma, likufiira, mphuno yalendewera, yunifolomu yasanduka nthenga. Wasanduka nkhukundembo, chipewa chokha chatsala. Watenga chingwe chotchajira laputopu yanga, wandimanga nacho manja.

"Mwaona? Kumanga ndi kumeneku."

"Bwana, ine ndilibe mlandu. Analakwitsa ndi amene analemba khodiyi. Anthu amenewo sadziwa ntchito."

Ndikulankhula choncho, pakati pa njerwa ziwiri patuluka kachilembo kamodzi, ka k, konyezimira mafuta. Kaima patsogolo pa nkhukundembo manja kumbuyo.

"Bwana, ine si wa m'banja lino. Anandiika ndi bambo awa, ndi chigongono, akudya chipisi."

Achibale onse aja anangoti "Aaa!" nthawi imodzi. Nkhukundembo yajompha kachilemboko, yameza, khoma labiriwira pomwepo, chingwe chagwa chokha. Yandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Muzidyera panja."

Ndiye nyumba yatha. Kanyumba kokongola, ka zipinda zitatu, pazitseko palembedwa Zatsopano, Zili Mkati, Zatha. Ndikuti ndijambule ndikutumizireni pagulu lathu la pafoni, mwadzidzidzi kanyumbako kadzuka, kavala yunifolomu ya sukulu, kapachika cholembera kukhonde.

"Adadi, ndiperekezeni. Lero mayeso."

Ine mtima wanga unasungunuka. Palibe anandiitanapo adadi chibadwire.

Tafika ku holo ya mayeso, kanyumba kakhala pa desiki, ine andiletsa kulowa, ndaima pawindo ngati kholo lopanda ntchito. Woyang'anira mayeso walowa. Ndaziona, unali iwe. Monga mmene umayesera mapulogalamu athu muno, nkhope yosaseka yomweyo, jekete lakuda, kolala yoyera. Utangotsegula envelopu, jekete lija lamera mapiko, wasanduka khwangwala, ukudumpha pamadesiki. Usandiyang'ane choncho, sindinasankhe ndine. Komanso unali khwangwala waukhondo.

Funso loyamba: "Mjigo wawonongeka, nkhani yafika. Uiika chipinda chiti?"

"Zatsopano!"

Nyali yobiriwira yayaka. Ine pawindo ndikuuza mlonda kuti mwana ameneyo ndi wanga, nzeruzo n'zakumtundu.

Funso lachiwiri: "Amisiri awiri alanda ntchito imodzi nthawi imodzi. Upatsa yani?"

Kanyumba kayamba thukuta, mawindo achita nthunzi.

"Wamkulu thupi?"

Nyali yofiira.

Funso lachitatu: "Ntchito yatsekedwa koma madzi sakutuluka. Ingatsegulidwenso?"

Kanyumba kangoyang'ana kudenga kwake komwe, kenaka kayamba kulira, misozi ikutsika m'malata ngati mvula ya Januwale. Nyali yofiiranso. Mlonda uja wandifunsa kuti, "Mwati n'zakumtundu?" Ine ndati mwanayo ndimangomulera.

Tsono kholo labwino likanatenga mwana kupita naye kunyumba, kukamukhazika pansi, kumuphunzitsa pamene akulakwitsa. Ine ndinakumbuka Lachisanu. Ndapisa m'thumba, ndapeza mandasi, ndaponya kukhomo. Khwangwala wauluka kutsatira. Pepa Ndaziona, pamenepo sunalimbe. Ndalowera pawindo, ndatola mapepala onse a mafunso ovuta, ndatafuna, ndameza opanda madzi. Kenaka ndanong'oneza mwana wanga.

"Tamvera. Aliyense akakufunsa kanthu, iwe uziti, Yatha. Mabwana amakonda mawu amenewo."

"Ngakhale isanathe, adadi?"

"Ukufuna kukhoza kapena ukufuna kubwereza?"

Khwangwala pobwera, shuga ali kumlomo, wapeza patsala mafunso osavuta okhaokha. Nyali zonse biriwiri kuyambira kukhomo mpaka kubolodi. Wapendeketsa mutu.

"Mayesowa achepa bwanji?"

"Silabasi inasintha, madamu."

Ndiye ndanyamula mwana wanga paphewa, tikuvina, achibale aja akululutira, amalume akuwaza chimanga ngati mpunga wa paukwati, mwadzidzidzi phazi langa laponda fumbi lotentha. Tili pabwalo la mpira kumudzi, mwezi wa Okutobala, kunja kukuwotcha ngati m'ng'anjo. Lachisanu lafika. Pansi pa tenti pakhala Mayi Nankhoma, mkulu wa bungwe la mijigo uja, magalasi ali pamphuno. Pambali pawo a Kamzimbi, koma atasanduka nanzikambe wovala tayi, diso limodzi lili kwa mayiwo, lina lili kwa ine. Mayiwo akamwetulira, bwana akubiriwira. Akachita tsinya, bwana akuda.

"Tionetseni," atero Mayi Nankhoma.

Ndatsitsa kanyumba pakati pa bwalo, ndakapukuta kumaso ndi malaya anga. Ndiye tamva chiphokoso cha zitsulo, kutsidya kwa bwalo kukubwera mijigo, ili pamzere, ikutsimphina. Wina wamangidwa ndi mphira m'chiuno, wina ukukoka paipi yake pansi. Kumbuyo kwake amayi ndi zidebe zopanda kanthu. Kutsogolo kuli mjigo wokalamba, wadzimbiri, chogwirira chake chothyoka utachikolekera m'khwapa. Wafika, wagwada pakhomo la kanyumba.

"Zikomo kwa eni nyumba. Ine ndachokera kutali. Mkono wangawu unathyoka nthawi yokolola. Kuyambira pamenepo anthu anga akumwera kudambo pamodzi ndi ng'ombe, ndipo ana ayamba kutsegula m'mimba. Ndimati mwina munganditumizire mmisiri."

Anzanga, ngakhale m'maloto momwemo ndinadziwa mawu amene akubwera. Ndinafuna kutseka mwana wanga pakamwa, koma anali atakoka kale mpweya.

"Yatha!"

Chitseko cha Zatha chatseguka, chameza mjigo uja, chatsekeka. Wachiwiri usanamalize n'komwe moni, "Yatha!" Wachitatu unangobwera kudzaperekeza mnzake, nawonso "Yatha!" Mijigo yonse yapanikizana m'chipinda chimodzi, zitsulo zikutulukira pawindo, zipinda zina ziwirizo zili mbee, mwangolowa nkhuku. Mwana wanga wandiyang'ana monyadira.

"Ndakhoza, adadi?"

Mayi Nankhoma awomba m'manja kamodzi.

"Zatha zonse? Ntchito yabwino. Ndiye tandipatseni madzi ndimwe."

Amayi aja asuzumira m'zidebe zawo zopanda kanthu.

"Ndati madzi."

Ponena kachiwiriko mawu anali atanenepa. Mpando wathyoka, tenti yakwera m'mwamba, Mayi Nankhoma akukula, akutuwa, mpaka pakhala mvuu yovala magalasi, khungu lake likung'ambika ndi dzuwa ngati matope a padambo louma. Yayasamula, ndaona m'kamwa moti mungalowe ine ndi laputopu yomwe. Ndatembenukira kwa bwana kuti andithandize. Nanzikambe watenga mtundu wa mpando wapulasitiki, sakuonekanso, kukungomveka mawu.

"Ine ndinangokankha wilibala."

Ndiye ndayamba kufotokoza. Mukundidziwa ine ndikapanikizika, Chingerezi chimabwera chokha. Ndikuti vutoli ndi laling'ono, ndikuti mwina ndi netiweki, ndikuti tikonza mu gawo lachiwiri, mwadzidzidzi m'mimba mwanga mwayamba kulankhula. Mapepala ndinameza aja. Akulankhula ndi mawu ako enieni, Ndaziona, momveka mpaka kugolo.

"Ntchito yatsekedwa koma madzi sakutuluka. Ingatsegulidwenso?"

Ndagwira pamimba, ndatsokomola kuti asamve, koma akubwerezabe. Mayi wina wachitenje chofiira, chidebe chili m'manja, wayandikira, waika khutu pamchombo wanga.

"Anthuni, mafunso ali muno! Bambowa anadya mayeso!"

Kanyumba kamva. Katembenuka, kandiyang'ana. Kenaka kwa nthawi yoyamba chitseko cha Zatsopano chatseguka bwinobwino, ndipo kalankhula mwaulemu ngati mwana wophunzitsidwa.

"Ntchito yatsopano: madzi. Wopatsidwa ntchito: Fatsani."

"Mwananga, ndine bambo ako!"

"Ili mkati."

Amayi aja sanachedwe. Andinyamula, andiimika pasimenti ngati mjigo, simentiyo yandigwira mpaka m'mawondo. Wina watchera chidebe kukamwa kwanga. Wachitenje chofiira uja walavulira m'manja, wagwira mkono wanga wamanja, waukweza, wautsitsa. Phewa langa likulira, kwii, kwii. Apopa, apopa, atopa, alowa ena. Mvuu yaima pamzere ndi kapu. Mijigo ikusuzumira pawindo, wokalamba uja ukuwalangiza kuti, "Yambani mwathira kaye timadzi pamwamba, ena amafuna kunyengerera." Andithira timadzi ta m'botolo pamutu. Apopanso. M'kamwa mwanga mukungotuluka mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mapepala.

Ine ndikuyesetsa, anzanga, musaganize kuti sindinayesetse. Ndikuona kamtsikana kali ndi kachigubu kakundiyang'ana m'kamwa modikira, ndikudzikama kuchokera kuzidendene kuti mwina patuluke ngakhale dontho. Kwii, kwii. Ndikufuna kunena kuti ndimasuleni ndikakonze bwinobwino, mafunso aja ndibweza onse, koma mjigo sulankhula uku ukupopedwa.

Pomaliza mayi uja wasiya mkono wanga uli m'mwamba, wasuzumira m'chidebe, wachitembenuza, wachigogoda kunsi. Wapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuuza anzake.

"Tiyeni kudambo, amayi. Uwu ndi waphokoso chabe, madzi mulibe."

Onse anyamuka, koma kulira kuja sikukusiya, kwii, kwii, popanda wondigwira. Ndatsegula maso. Kunja kwayera, mkono wamanja wachita dzanzi chifukwa ndinaugonera, kukhosi kuli gwa. Kwii, kwii. Anali aneba, a Chimbalanga, akupopa tayala la njinga yawo pansi pa windo langa.