Mgwirizano wa Mayadi Anayi

Lolemba
Wailesi ikuti atsogoleri a mayiko a chigawo chathu agwirizana kuyankhula ndi mawu amodzi pa za chitetezo. Nanga ife a ku Chawama tilekerenji? Akuba atimaliza. Chitsekereni fakitale imene ndinkagwirako ntchito, chondidyetsera ana ndi wilibala yokha, yonyamulira makala kumsika. Ikapita imeneyo, tapita tonse. Ndaitana eni mayadi oyandikana nane: Ba Tembo, Ba Mulenga ndi Amake Joyce. Mfundo zathu:
kulondera mosinthana;
wobedwa mmodzi, tabedwa tonse;
anyamata a kutsidya kwa ngalande, amene tonse tikudziwa kuti ndiwo akuba, palibe wokambirana nawo payekha, palibenso wogula katundu wawo.
Andisankha kukhala tcheyamani. M'manja waa!

Lachiwiri
Tsiku lolondera la Ba Mulenga. "Ine nili na ovanaiti ku chechi, mapemphelo ya usiku onse, nizakupemphelelani." Ndikulondera ndine.

Lachitatu
Anyamata aja ali pa benchi kwa Amake Joyce, akumwa kachasu dzuwa lili pamutu! Ndakumbutsa Amake Joyce mfundo yachitatu. "Ba Chair, aba ni makasitoma. Mfundo yanu izanigulila unga?" Nanenso unga watsala wa pansi pa thumba.

Lachinayi
Chipambano! Tagwira mnyamata akuchotsa zovala pa chingwe. Tisanafike naye kupolisi, Ba Mulenga atulukira wefuwefu: "Uyu ni mwana wa sisi wanga, sapita kulikonse." Paja tinati chilichonse tizivomereza tonse anayi. Wamasulidwa, ndipo pochoka wandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikuwakonda maso amenewo.

Lachisanu
Ndamva kuti Ba Tembo anapanga kale mtendere wawowawo ndi anyamata a kutsidya: amawabwereka sipanala, iwo sawakhudza. Ndaitanitsa msonkhano waukulu mawa, aliyense ndi banja lake, pasatsale munthu pakhomo.

Loweruka
Abweradi onse, kuseri kwa nyumba ya Ba Tembo. Takangana mpaka masana za amene akhale wachiwiri wanga. Pobwerera, tcheni lomangira wilibala lili pansi, loko wothyoka. Wilibala palibe! Ndine mwini ndinachotsa anthu onse m'mayadi. Mgwirizano wanditumizira mawu achipepeso. Mkazi wanga sakundikalipira n'komwe. Bola akadakalipa.

Lamulungu
Ba Tembo ali ndi wilibala, penti yobiriwira isanaume. "Nagula chipu maningi, pa mutengo wapansi. Mungazibweleka, muzinipasako hafu ya vamene mwapeza." Chogwirira chakumanzere n'chowotcherera, ndipo ndinawotcherera ndekha kufakitale, ndikuudziwa mzere uliwonse. Ndikayambitsa mlandu, mboni zanga ndani? Amake Joyce? Ba Mulenga? Ana adya phala lopanda shuga, madzulo sindikudziwa.
Ndati zikomo, Ba Tembo. Mawa ndilawirira kumsika, ndizikankha mosamala, ndisakande penti ya eni ake.