Chiwongolero cha Botili Ndipatseni Ine

Waseka ndani? Inu Mai Nkhoma, mpingo wabwereka boti loti tiyende pa ngalande ya Birmingham, ndiye chiwongolero mukupatsa mlongo wanu wokankha mabedi ku chipatala cha New Cross, ine Chimbalanga ndili pano? Abusa, zandiwawa, ndisabise.

Ine ndinagwirapo ntchito m'sitima ya nkhondo ya ku Russia! Kaputeni wake ndinakumana naye ku Beira ndikunyamula matumba padoko, chimzungu chobadwira m'sitima, chophunzira kuwombera mzinga chisanaleke kuyamwa, mamendulo mbwee pachifuwa moti chikaima kumanzere sitima yonse inkapendekeka, ife n'kuthamangira kumanja. Anandiona nditasenza nangula pamutu popanda nkhata, basi, "Lowa!"

Mukumva? Tili pakati pa nyanja adani anatiboolera sitima ndi bomba, madzi khuthukhuthu kulowa, asilikali kulira amayi awo m'Chirasha, kaputeni kupemphera botolo la kachasu wakwawo lili m'manja, ine ndinangovula buluku n'kukhalira bowolo, thako ili, lakumanzereli, kutseka ndithu mpaka ku Russia, nsomba zikundijompha, namgumi kubwera kudzanunkhiza n'kuthawa, ndipo bomba lachiwiri ndinaliwakha ndili chikhalire n'kulibweza komwe linachokera. Pofika, nyanja inali itaundana, ine nditamatirira pompo, anachita kundimatula ndi madzi a tiyi. Mulungu ndi mboni! Mpaka lero ndikakhala m'basi ya ku Small Heath, mbali imodzi siimva mpando.

Kaputeni uja anamukweza kukhala mkulu wa sitima zonse chifukwa cha thako langa, mendulo n'kumuveka iye. Koma mwano analibe. Akuti pomwalira ankangoitana dzina langa, mkazi wake ali pompo.

Ndiye kangalande aka, kodzaza matrole a m'shopu, kangandivute ine? Achimwene, bweretsani kiyi. Eya, Abusa, mwaweruza bwino. Patukani ndikwere.

Aa! Bwanji likugwedera chonchi? Ligwireni kaye, inu! Mai Nkhoma, kajekete koyandamitsa mwaveka mwana wanuko, muvuleni mundipatse ine. Musandiyang'ane choncho. Ku Russia akuluakulu sitinkaphunzira kusambira, zimenezo zinali za asilikali wamba.