Ndinalumbira Kuti Nditseketsa Vidiyo ya Gusto

Lolemba

Sabata ino vidiyo ya Gusto itsekedwa. Ndinanena pamaso pa makolo onse kusukulu, ndipo ine ndikanena ndanena. Utcheya wa komiti ya makolo anandipatsira mlomo womwewu.

Milandu yake:
- ana akuthawa m'kalasi, yunifolomu m'chikwama, ulendo kwa Gusto
- pabwalo la sukulu masiku ano moni wake ndi theche
- wina wa Sitandade 6 anadumpha pachulu ati akuuluka, pano mkono uli m'chikhakha
- chisipika chimene anachipachika mumtengo wa mango chikusokosera msika wonse wa Chonde, anthu kubuula, magalasi kusweka, ife tikugula tomato

Loweruka tikumana ndi komiti ya msika. Ahedi akuti ndibwere ndi umboni. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndiye ndipita ndekha ndikaone ndi maso angawa.

Masana. Ndalowa. Chisakasa cha nsungwi, mdima, fungo la thukuta ndi chinangwa chootcha. Ana atandiona athawa, ena adzera pansi pa mabenchi. Gusto, mwana wa malemu Alufonso, munthu wamkulu ndithu wa banja lake, ati, "Amayi, inu lowani ulere." Ndakana. Ndalipira ngati wina aliyense, asadzati anandidyetsa chibanzi.

Chiyankhulo cha m'filimumo palibe akuchimva, ngakhale Gustoyo. Amangogwira maiki n'kumapeka nkhani. Mtsikana wa m'filimumo wamutcha Namalunga. Akuti anamuphera mlongo wake, mwini mbumba, n'kutentha nyumba. Wakuphayo ndi mdala wa ndevu zoyera zofika pachifuwa, woyankhula mofatsa ngati akutsogolera pemphero. Namalunga walumbira. Wavala diresi yoyera, watenga ambulera yofiira, m'kati mwa ambuleramo muli lupanga.

Zonyansa zokhazokha. Mkazi mmodzi kupha amuna odzaza chipinda, diresi osada ngakhale m'mphepete.

Magetsi athima Namalunga atangofika pamlatho, adani atamutchingira uku ndi uku. Umboni sunakwane. Ndibwereranso mawa.

Lachiwiri

Mboni imodzi si mboni. Ndatenga anzanga awiri a m'komiti: Abiti Saidi wa mandasi, ndi Mai Joakina wogulitsa nyemba zophika za kalongonda, amene anathawa nkhondo ku Mozambique akadali mtsikana. Ndawauziratu panjira: tikhala kumbuyo, nkhope zolimba, palibe kuseka.

Gusto wayambira poyamba, ati polemekeza alendo. Chabwino.

Abiti Saidi waphimba nkhope ndi mpango. Mpangowo ndi woonekera, ndamuona ine.

Mai Joakina akuseka. Anthu akudulidwa manja, iye misozi mbwembwembwe ndi phwete. Akuti magazi satuluka choncho ngati paipi yaphulika. "Komanso nkhondo ilibe nyimbo, anzanga. Imakupeza uli pamtondo." Wanena zimenezo, kenako n'kupempha mtedza kwa bambo amene anakhala kutsogolo kwathu.

Chimene ndazindikira lero n'chakuti filimu kwa Gusto siitha. Namalunga akangomenya theche labwino, chisakasa chonse: "Ibwerere!" Gusto n'kubweza. Wina ati mutu wa mnzake unamutchinga, abwezenso. Wina walowa kumene, naye walipira, abwezenso. Theche la pamlatho taliona mpaka ndaliloweza. Amaponda pabondo la mdaniyo, kukwera paphewa, kutembenuka m'mwamba, tsitsi likubwera pambuyo pang'onopang'ono, ambulera osaigwetsa. Akabaza aimirira pamabenchi. Wina wavula chipewa n'kuchiponyera pakanema, ati mphatso.

Nthawi yokaphika yakwana tikadali pamlatho pomwepo.

Panjira ndafunsa mboni zanga kuti zaona chiyani choti tikanene Loweruka. Abiti Saidi ati, "Ine ndikungofuna ndidziwe sopo amene amachapira diresi ija." Koma abale, anthu ndinawasankha ndekha amenewa.

Lachitatu

Chiperoni chiyambire m'mawa, phiri silikuoneka. Ndikutenga ambulera, abambo akunyumba ati, "Amake Chifundo, umboniwo sunakwanebe?" Ndawayang'ana. Apitiriza kumwa tiyi.

Abiti Saidi wabwera ndi apongozi ake, ati nawonso aone zoipazo. Mai Joakina wasiyira mnzake poto wa kalongonda. Kwawonjezekanso amayi ena amene sali m'komiti n'komwe, akuti amva kuti tcheya akulowa, ndiye si tchimo. Tasunthira pakati, kumbuyo mitu imatchinga. Umboni umafuna munthu aone bwino.

Lero tawoloka mlatho. Namalunga walowa m'nyumba yomwera tiyi, wakhala, wamwa kapu yake mpaka kumaliza, amuna atamuzungulira ndi mipeni. Waika kapu pansi bwinobwino. Zotsatirazo sindingalembe. Potuluka sanacheuke.

Apa ndiye mkangano wabuka, Gusto mpaka waimitsa filimu:
- apongozi a Abiti Saidi: "Nanga maliro onsewa aika ndani? Mudzi umenewu ulibe adzukulu?" Gusto wayankha pamaiki kuti adzukulu ali m'njira, basi yawafera pa Thuchila. Akhutira.
- wakabaza wina ati mtsikanayo ndi wokhwima, anatemera
- mnzake ati ayi, ndi kudya bwino basi
- telala wa pafupi ndi chigayo ati zonsezo ndi zingwe, amawamanga m'chiuno n'kumakoka. Amuuza kuti ngati akudziwa zambiri atuluke akasoke.
- amayi ena akudandaula kuti mwini nyumba ya tiyi amulipira ndani matebulo ake

Ine ndangopinda manja, monga tcheya.

Koma pali pena Namalunga wabwerera paphulusa la nyumba yawo. Wakhala yekha, akudya mpunga wozizira, mbale ya mlongo wake waiika pambali, yopanda kanthu. Gusto pamenepo watsitsa maiki, wangosiya filimu iziyenda. Ndakumbuka achimwene anga, malemu, amene ankatiyankhulira pamilandu yonse. Chimwalirireni iwo, aliyense amangolima kulowa m'malire mwathu, ine n'kumalongolola ndekha. Ndapukuta m'maso. Ndanamizira utsi wa chinangwa.

Izi sizikusintha kanthu. Loweruka itsekedwa.

Lachinayi

Sindikufuna kulemba za lero. Ndilembabe.

Tafika mochedwa, mabenchi odzaza. Gusto watikonzera malo kutsogolo, pafupi ndi iyeyo. Ulemu, ati. Anthu agwirizana kuti lero pasakhale wonena "ibwerere" mpaka tifike kwa mdala wa ndevu, wolakwira lamulo atuluka. Telala uja ndiye wadzipereka kukhala wapolisi.

Mlatho tadutsa. Nyumba ya tiyi tadutsa. Namalunga akukwera masitepe a kuphiri, mvula ikugwa, ambulera yofiira yatambasuka. Chisakasa chonse zii, ngakhale wotafuna mtedza palibe. Mdala uja watuluka akumwetulira. Watenga mkanda umene mlongo wa Namalunga ankavala, waugwetsa m'matope, wauponda. Pang'onopang'ono, akumuyang'ana m'maso.

Nthawi imeneyo Gusto anali ataika maiki pabenchi kuti amwe madzi. Benchi yake yomwe ndinakhalapo ine.

Zimene ndanena, malinga ndi anthu:
- "Mthyole khosi, mwanawe!"
- "Usamumvere chisoni galu ameneyo!"
- "Ndevu! Gwira ndevu!"
- china cha Chilomwe chimene mayi anga ankanena mbuzi ikalowa m'munda

Ine ndikukumbuka choyamba chokha. Akutinso ndinaimirira. Akutinso ambulera yanga inali m'mwamba.

Maiki imeneyo imapita kuchisipika cha mumtengo wa mango. Msika unali wodzaza. Mawu anga pa Chonde palibe amene sawadziwa, ndakalipira ana a anthu zaka zonsezi.

Kenako magetsi athima, lupanga lili m'mwamba, lisanatsike. M'chisakasa mdima. Kunja msika wonse ukuseka, ena akuimba mluzu, amayi a nsomba nthungululu.

Potuluka ndakumana ndi ahedi, kabichi m'khwapa. "Umboni ukuyenda bwino, mayi tcheya?" Ndati ukuyenda.

Lachisanu

Sindituluka. Ndanena kuti mutu.

Zochitika ndili m'nyumba:
- ana opita kusukulu adutsa pamsewu akuimba "gwira ndevu". Aipekera kale nyimbo, ndi kavinidwe kake komwe.
- abambo akunyumba ameta ndevu. Ati kukutentha. Kunja kuli chiperoni.
- mbuzi ya oyandikana nawo yalowa m'nandolo wanga, mwini wake wathamanga yekha kudzaitulutsa, n'kupepesa atagwada. Chiyambire sizinachitikepo.

Madzulo kwabwera Abiti Saidi kudzandizonda. Akuti kwa Gusto lero kunalibe popondera, amayi achokera mpaka ku Thuchila, akufunsa pakhomo kuti "ija ya mayi tcheya iyamba nthawi yanji?" Magetsi sanathime. Afika mpaka kumapeto.

Ndamuletsa kuti asandiuze, ine zinthu zonyansa ndilibe nazo ntchito. Atafika pachipata ndamuitananso. Ati iye pamapeto anatseka maso zenizeni, ndi manja omwe, sanaone kanthu. Nanga Mai Joakina? Anatuluka lupanga lisanatsike, ati amadziwa kale mmene zoterezi zimathera, komanso kalongonda akapitirira pamoto amaphwetera. Mboni zanga zimenezo.

Ndakonza zoyankhula mawa. Mawu ake ndi amphamvu. Ndayeserera kuseri kwa khitchini, koma ndikangokweza mawu ndikudzimva ngati ndili pasipika.

Zikundiwawa, ndisaname. Dzina langa ndalisunga moyo wanga wonse. Palibe anandionapo pamowa, palibe anandionapo pandewu. Ndikadutsa, mwana amabisa mpira kumbuyo. Zonsezo zapita chifukwa cha mdala amene kulibe n'komwe.

Loweruka

Msonkhano m'shedi ya msika. Makolo adzaza mpaka kunja. Tikawaitanira zoumba njerwa za chimbudzi cha sukulu sabwera chonchi.

Ndalowa ndi ambulera chifukwa kukuwaza. A pabenchi ya kutsogolo asuntha onse kundipatsa malo ambiri kuposa thupi langa. Tcheya wa msika, bambo wa ndevu zake, dzanja lili pachibwano msonkhano wonse.

Ndayankhula. Za mkono wa mwana uja. Za makalasi opanda ana. Za mateche a pabwalo. Ndayankhula bwino, ndikudziwa, ena amagwedeza mitu. Ndamaliza ndi kuti vidiyo itsekedwe lero lomwe. Wina watsokomola m'njira yoti ndikuidziwa.

Tcheya wa msika wapempha mboni zanga.

Abiti Saidi: "Ndi yoipa ndithu filimu imeneyo. Koma atseke sabata ya mawa ikatha, alamu anga akubwera kuchokera ku Phalombe, sanaione."

Mai Joakina: "Imfa ya bodza siipha munthu. Ana okha asalowe."

Voti. Ofuna kutseka: dzanja langa, ndi la ahedi, limene linakwera theka n'kukakanda khutu.

Ine kuchoka chimanjamanja, ayi. Ndaimiriranso, ndalimbikira zitatu. Mwana asaponde m'menemo nthawi ya sukulu. Chisipika chitsike mumtengo, chisadzakwerenso (apa anthu aseka, ndawasiya amalize). Komanso Gusto amate mipata yonse ya nsungwi, chifukwa ana ukawakaniza khomo amasuzumira, pasatsale polowa ngakhale diso limodzi. Gusto wavomera zonse, mwaulemu, manja kumbuyo.

Ndiye tcheya wa msika ati lamulo lopanda mlonda ndi nyimbo chabe. Pakhomo pakufunika munthu amene ana amamuopa, azikhalapo m'mawa uliwonse mpaka sukulu iweruke. Msonkhano wonse watembenukira kwa ine. Aomba m'manja ndisanayankhe. Abambo akunyumba nawonso aomba!

Wina kumbuyo wanena "gwira ndevu" chapansipansi. Ndamuzindikira. Mwana wake ali Sitandade 4, tionana.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki wa lero unali wokhululukira adani. Anthu amacheuka.

Utcheya ndikadali nawo. Dzina ndi limene lasintha. Ngakhale amayi a kwaya, anthu a ulemu wawo, andipatsa moni kuti "Mwadzuka bwanji, Mai Gwirandevu?" Ndawayankha kuti ndadzuka. Ndikuwadziwa anthu a kuno, dzinali adzalitchula ndi pamaliro anga.

Vidiyo sinatsekedwe. Ndavomereza. Ana sadzalowa, chimenecho ndiye chachikulu, ndakhala ndikudziuza choncho njira yonse.

Pobwerera ndadzera kwa Gusto kukaona ngati wasunga pangano. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa, ndamupeza akusesa. Chisipika watsitsa. Ati filimu ya Namalunga aionetsa komaliza mawa m'mawa, masana aibweza kwa mwini wake ku Limbe. Ndati sizikundikhudza. Ndamufunsa chabe, monga tcheya, kuti mdala uja zinamuthera bwanji. Ati, "Amayi, mathero sanena. Amaonera."

Wandionetsa mpando wanga. Wabwino ndithu, wapulasitiki, wotsamira. Uli kunja, woyang'ana kumsewu kumene ana amachokera.

Ndazungulira chisakasa chonse, kuyendera ntchito. Makatoni, masaka, dothi. Ndafufuza ndi chala nsungwi ndi nsungwi, makamaka mbali ya kumpando, mpaka ndagwada. Wamata bwino mwana wa Alufonso, palibe ngakhale polowa nyerere. Ndamuyamikira pamaso pa anthu.