Chigubu cha ku Nazale

Lolemba

Mapazi atupa ngati maungu. Nsapato yakumanzere yakana. Adokotala akuti impso zanga zatopa. Akuti impso ndi sefa ya magazi: zoipa zimatuluka ndi mkodzo, zabwino n'kutsala, koma ukamazithira zapoizoni tsiku ndi tsiku sefayo imawonongeka. Ndipitenso Lolemba likubwerali. Kutupa kukapanda kuphwa, ulendo wa ku Lilongwe kukagonekedwa, ndipo ndipite ndi wondidikirira.

Wondidikirira! Ndimutenga kuti? Mkazi wanga NaPhiri anatisiya chaka chatha. Mwana ali ku Joni, zii. Ine ndine mkamwini pano, ndipo chivotereni nyali ya matipate eni mudzi akuvotera tambala wa chipani chimodzi, moni ndimamva kwa mbuzi yanga yokha. Ndiye basi, ndidzichiza ndekha sabata yomwe ino.

Malamulo:
mchere ayi
mapiritsi a msana a pagolosale ayi
madzi ambiri, ambiridi

Lachiwiri

Kumjigo. Ndikangofika amayi onse kukamwa tseke, kungomveka chitsulo chokha. Zawo zimenezo. Ine ndili ndi chigubu changa, cholimba, chotsekera chake sichidontha. Chinabwera ndi mankhwala ophera tizilombo ku nazale ya fodya, ndinachitsuka bwinobwino ndi phulusa. Chiswekereni mtsuko wa NaPhiri ndimamwera momwemu.

Ndikumwa mpaka mimba ikuchita kulira khuvukhuvu ndikamayenda. Nkhwani wopanda mchere: chilango cha akaidi!

Lachitatu

Madzi akulowa ambiri, otuluka ndi ochepa, athovu ngati wachapira. Apita kuti enawo? M'mapazi, kuli kwinanso? Ndaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali kudikira, mpaka mbuzi yabwera kudzandiona. Ndaifotokozera za sefa. Yamvetsera bwino kuposa anthu.

Mabatire a wailesi atha. Msana ukulasa. Mapiritsi ali pawindo, tikuyang'anizana.

Lachinayi

Mapiritsi apambana. Ndi msana wanga, si wa adokotala.

Pamsika wa Nachisaka pali mkulu wa mabotolo akuda, akukuwa kuti "chotsuka impso, lero lomwe!" Munthu woyamba kunditchula kuti achimwene mwezi uno, ndikanamukana bwanji? Ndamwa. Chatsukadi, kalanga ine, chatsuka zonse kupatula impsozo. Njira ya kuchimbudzi yachita kusalala.

Nsapato yakumanja nayo yakana.

Lachisanu

Mlendo! Alamu anga aPhiri, mchimwene wa malemu, akuodira pakhomo panga penipeni. Akufuna kubwereka pampu yopopera nazale, koma mlendo ndi mlendo. Mpando ndapukuta ndi malaya. Kapu ya madzi ndapereka ndi manja awiri, mtima uli dyokodyoko.

Amwa kamodzi n'kulavula. "Alamu, mukufuna kundipha chifukwa cha voti?"

Anunkhiza kapu, anunkhiza chigubu, andilozera chithunzi cha chigaza chofufutika pambali pake. Ine ndinkachiona, koma ndinkati akuchenjeza tizilombo. Akuti poizoni amalowerera m'pulasitiki, phulusa silingamuchotse, chinthu chimenechi n'chokwirira osati chomwera. Ayang'ana mapazi anga. Chigubu achinyamula pandodo ngati khoswe wakufa. Pampu aiwala.

Loweruka

Nkhani yafika kale kumjigo: wa nyali uja amafuna kuthirira alamu ake poizoni. Ndikufika ndi poto, amayi zidebe pamutu, balala! Mjigo wonse wanga ndekha, ufulu tinkaufunawo ndi umenewu.

Zatsala m'nyumba muno:
poto mmodzi, wophikira ndi womwera yemweyo
botolo lakuda, theka
ine

Ndadina mwendo ndi chala, dzenje latsala lokwanira kudzala chimanga. Ndalidikira kuti lidzaze. Ndikuopa, bwanji ndibise. Si Lilongwe ayi, koma bedi loti masana anzako onse akubweretseredwa phala iwe ukuyang'ana khoma.

Lamulungu

Kutchalitchi ndi patapata, zingwe zake zikundidula. Atchula odwala onse oti tiwapempherere, mpaka wa chimfine. Dzina langa mulibe. Ndayimba nawo basi.

Pobwera ndapeza mtsuko watsopano pakhonde, wodzaza, wovundikira ndi mbale. Pansi pali mapazi a nsapato za matayala za aPhiri. Sanadikire, mbuzi yokha amasula n'kupita nayo kukhola kwawo, ndiye kuti akudziwa za mawa.

Ndamwa kapu yonse. Madzi ozizira, osawawa ngakhale pang'ono. Chaka chonsechi mkamwa mwanga mumawawa, ine ndinkati ndi umasiye.

Mapazi sanaphwe. Chikwama ndalongedza: bulangete, mbale, supuni, buku la nyimbo la NaPhiri. Nsapato zitsale. Adokotala akakafunsa za wondidikirira, ndikanena kuti akubwera pambuyo.