Mzungu wofuna khasu

Amuna anga amandiletsa kufotokoza nkhani iyi pagulu, akuti imawachotsa ulemu kutchalitchi. Koma poti amene ananyowa tsiku limenelo ndine, osati iwo, mundilole ndiifotokoze.

Inali nthawi ija pa TV pankangokambidwa zoti dziko lino la azungu, kumene tinasamukira, lituluke mu mgwirizano wa ku Ulaya. Ine zimenezo sizinkandikhudza. Ndinali nditangopeza ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kunja kwa Leicester, nditatopa ndi kuyang'ana makoma a nyumba yathu ku Belgrave amuna anga akuthamanga ndi mashifiti kuchipatala. Ndinali pa probeshoni. Manijala wathu, mayi wina wosaseka dzina lake Sharon, anandiuza tsiku loyamba lomwelo kuti ndikangolakwitsa chachikulu chimodzi, chitseko ndi icho. Kubwereranso kumakoma aja ndinkakuopa kwambiri.

Anandipatsa agogo ena aamuna, a Reino, aatali, owonda, maso otuwa ngati a mphaka. Sharon anati kwawo ndi ku Finland, ndipo matenda oiwalaiwala anawalanda Chingerezi chonse. Anawonjezera kuti pa unyamata wawo anali katswiri wa marali. Ine kumva rali ndinaona nsalu zachipani, amayi ovina, malole odzaza anthu. Ndinati oho, kani anali andale (n'chifukwa chake powapatsa tiyi ndinkachita kunjuta, ndimati ndi nduna yopuma).

Chipinda chawo chinali chakumapeto kwenikweni, windo lake loyang'ana kumitengo yopanda masamba kumene akhwangwala ankasonkhana. Pashelefu panali zikho zachitsulo zothimbirira, zina zovundikira. Ndinali nditamva kale kuti kuno maliro amawotcha n'kusunga phulusa m'zikho, ndiye popukuta fumbi ndinkalambalala. Pakhoma panali chithunzi cha galimoto ili m'malere pakati pa mitengo, mateyala onse osagunda pansi, mkatimo muli anthu awiri amitu yozungulira opanda nkhope. Kwathu chinthu choyenda pansi chikayamba kuuluka, sitichita kufunsa kuti n'chiyani.

Masana ena m'nyengo yachisanu, chifunga chitatseka windo, ndinkapinda matawulo m'chipindamo. Agogo aja anali ndwii pa wilutcheya. Mwadzidzidzi anawongoka msana, n'kutsinzina. Manja anawatambasula kutsogolo ngati agwira chinthu, koma panalibe chinthu. Anayamba kuwapotoza uku ndi uku, mapazi akupondaponda pansi, pakhosi pakutuluka kulira kwina kotsika kosalekeza. Kenako anafuula:

"Khasu! Khasu!"

Matawulo onse anagwa. Abale anga, mzungu woti Chingerezi chinamuthawa, Chichewa wachitenga kuti? Ndipo mwa mawu onse, bwanji khasu? Munthu wokalamba chonchija safuna khasu kuti akalime. Makasu amene ndinawaona m'mutu mwanga anali a adzukulu okumba manda.

Asanatsegule maso anapukusa mutu modandaula n'kunena chapansipansi, "Khumi... khumi."

Ife eni ake timati teni, iwo akuti khumi, Chichewa cha m'Baibulo chenicheni.

Ndinawauza amuna anga madzulo ake. Anaseka mpaka kutsamwa, amvekere, "Mayi, mwayamba kumva Chichewa m'makoma? Mwapukwa kumudzi basi." Koma sabata yomweyo mayi wina wa m'chipinda nambala teni anamutengera kuchipatala, ndipo sanabwerere. Inde anali wodwalika kale, aliyense ankadziwa. Koma inu mukanakhala ine mukanaganiza chiyani?

Choipa n'chakuti mayi uja atapita, agogo aja sanasiye. Chifunga chikangotsika, manja m'mwamba, khasu, khasu, khumi. Ndinayamba kufufuza kuti khumi wotsala ndi uti. Ndikutsika basi tsiku lina, ndinayang'ana pachitseko cha nyumba yomwe tinkakhala. Nambala teni.

Kwa Sharon sindikanapita. Ndikanati chiyani, kuti kasitomala wanu akuitanitsa zokumbira manda m'chilankhulo cha kwathu? Ndinaimbira alamu anga a ku Hyson Green, mayi wolimba m'mapemphero. Sanachedwe n'komwe.

"Alamu, si iwo akuyankhulawo, ndi chimene chili mkati mwawo. Bwerani Lamlungu mudzatenge madzi."

Ndinapitadi. Abusa a kumeneko anawapempherera madziwo mpaka thukuta, alamu n'kuwathira m'botolo lalikulu lobiriwira la zakumwa. Anandilangiza kuti ndikawaze ngodya zonse, kenako pamutu, ndipo ndisakachite mantha chikayamba kulimbana nane. Malamulo a pantchito ndinkawadziwa bwino: zopempherera okalamba osapemphedwa n'zoletsedwa, kuwathira zinthu ndiye osayerekeza. Koma ndinati bola kuchotsedwa ntchito kusiyana ndi kunyamulidwa m'bokosi (bodza, zonse ziwiri ndinkaziopa mofanana).

Lolemba chifunga chinabwera ngati chaitanidwa. Ndinatseka chitseko. Agogo anali atayamba kale, maso otsinzina, manja akupotoza. Ndinatulutsa botolo m'chikwama. Ndinawaza ngodya yoyamba, yachiwiri, ndikunong'ona pemphero. Akhwangwala panja anangoti zii. Nditafika pa iwo ndinatseka kukamwa kwa botolo ndi chala, n'kulikhutchumula kuti madzi atuluke mwamphamvu.

"Tuluka!" ndinatero. Madzi anawamenya pachipumi.

Kulira kwa pakhosi kuja kunaleka. Anatsegula maso pang'onopang'ono. Anayang'ana ine, anayang'ana botolo. Ndiye nkhope ija, imene sindinaionepo ikumwetulira, inang'ambika ndi chimwemwe. Anakweza manja onse m'mwamba n'kukuwa mokweza. Ndinati eya, chayamba kulimbana nane. Ndisanathawe anali atanditsomphola botolo (mphamvu anazitenga kuti, musandifunse), chala pakamwa pake, kulikhutchumula mwaukatswiri kuposa ine, n'kundilozetsa kumaso.

Mayo ine! Wigi inanyowa, yunifomu inanyowa, madzi odalitsidwa analowa mpaka m'mphuno. Ine kukuwa, iwo kuseka. Chitseko chinatseguka, ndipo madzi amene anatsala m'botolomo anathera pachifuwa pa Sharon. Kumbuyo kwake kunali mayi wina wovala jasi, atagwira pakamwa. Anali Helen, mwana wa agogowo, amene ankabwera masiku oti ine ndili pa ofu.

Mu ofesi ndinakhala pampando ndikudontha. Sharon anafunsa kuti m'botolo munali chiyani. Ndinanena zoona zonse, khasu, khumi, chipinda nambala teni, ndi nyumba yathu yomwe. Ndinkaona ntchito ikutuluka pawindo.

Helen anandipempha kuti ndibwereze mawuwo. Nditabwereza anaseka, kenako misozi inayamba kutsika. Anati m'chilankhulo cha bambo ake, mawu omveka ngati khasu aja ndi chopondera moto cha galimoto, ndipo khumi ndi labala, ndiye kuti teyala. Rali yawo sinali ya chipani. Unali mpikisano wothamangitsa galimoto m'misewu ya m'nkhalango.

Anafotokoza kuti bambo ake anaphunzira chiwongolero panyanja youma ndi chisanu, ali mnyamata woyendetsa malole a mitengo. Kwawo anawina mipikisano yambiri, zikho zija n'zimenezo, ndipo mulibe phulusa la munthu. Kenako anayamba kubwera kudzapikisana m'nkhalango za kuno, kumene ankafunitsitsa kuwina, koma ankangothera pachiwiri kapena pachitatu. Chaka china anatsogola mpaka tsiku lomaliza, kuli chifunga, teyala n'kuphulika atatsala pang'ono kufika. Sanapikisanenso. Anakwatira mayi wa ku Leicester n'kutsegula galaja.

"Chifunga chikabwera amabwerera mumpikisano umenewo," anatero Helen, "ndipo nthawi zonse teyala limaphulika. Lero asanafike pamenepo, wina wawathira shampeni. Wowina ndi amene amathiridwa choncho. Akuganiza kuti awina."

Ndinafuna pansi patang'ambika. Ine kulimbana ndi ziwanda, mwini wake ali pa nsanja akulandira ulemu.

Sharon sanaseke. Anati mwalamulo ndiyenera kupita tsiku lomwelo. Helen anandichonderera, akuti papita nthawi yaitali asanamve bambo ake akuseka, ndipo banja silidandaula. Mapeto ake ndinapatsidwa chenjezo lomaliza: botolo lililonse, pemphero lililonse lomveka, ndapita. Ndipo popeza agogowo tsopano ankakana kusambitsidwa ndi wina aliyense koma ine, anakhala anga m'mawa uliwonse.

Ndinadziuza kuti ndaphunzira, sindidzamvanso Chichewa pamene palibe Chichewa. Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina ndikuwamanga mabatani a malaya, anandigwira pamkono ndi dzanja lozizira. Sanatsinzine, sanapotoze manja. Anandiyang'ana m'maso mwenimweni, kenako anayang'ana kumitengo kuja, n'kunena bwinobwino:

"Tiye."

Ndinathamangira kukhonde kukaimbira Helen. Anaseka, amvekere mawu amenewo kwawo amatanthauza msewu, basi.

"Msewu wopita kuti?" ndinafunsa.

Anati zimenezo sakudziwa.

Madzi anandiletsa, kupemphera mokweza anandiletsa, ndipo ntchito ndinkaifuna. Ndiye m'mawa uliwonse akandigwira pamkono n'kunena kuti tiye, ndinkachotsa zala zawo chimodzichimodzi, n'kuyankha mwaulemu wonse: "Tsogolani agogo, ine ndili pa shifiti."