Tsiku limene ndinayanika kompyuta pa thandala la usipa

Ine sindinama kawirikawiri, koma tsiku limene ndinanama bodza lenileni ndinanamiza msuweni wanga, ndipo ndinatsala pang'ono kumuchotsetsa ntchito.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, kutatsala pang'ono kuti zinthu zisinthe, masiku aja munthu sumalowa mumsika popanda khadi m'thumba. Ndinali nditangotsika basi pa boma la Nkhotakota ndi kachikwama kanga ka zitsulo, kuchokera ku Mchinji, ndipo ndisanapite ku Mchinji ndinali ku Nkhata Bay, ndisanapite ku Nkhata Bay sindikukumbukanso, mapazi angawa sanaphunzire kukhala malo amodzi. Ntchito yanga inali kukonza mawailesi, mawotchi, matochi ndi mapulaimasi, ndipo zonsezi ndinaziphunzira ndekha pomasula katundu wa eni ake. Anali masiku abwino amenewo, chinthu chikafa umachitsegula n'kuona ndi maso ako pamene chafera.

Ndinafikira kwa Patuma, mwana wa amalume anga. Chisuweni mukuchidziwa, timanyozana kuyambira tili ana ndipo palibe amakwiya. Patuma anali taipisiti pa kaofesi koona za alimi a mpunga, mwamuna wake anali atamwalira, ana anayi ankadya za pa ntchito imeneyo. M'mawa mwake ndinaona kuti tiyi wake akuzizira m'kapu, chitumbuwa sanachikhudze, komanso chiyambire dzulo lake anali asananditukwane ngakhale kamodzi. Ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Atibweretsera kompyuta, asuweni," anatero, "taipi yanga anainyamula. Ananditumiza ku Lilongwe masabata awiri kukaphunzira, kumeneko zinkayenda bwinobwino. Kuno ndikaiyatsa imalira piii, imawerenga manambala ake, n'kuima kufunsa deti. Ndikangodina batani, mdima. Piii, yayambiranso. Lero ndi tsiku lachitatu. Bwana apita ku Dwangwa, anena kuti akabwera madzulo n'kupeza sikugwirabe, aibweza ku Lilongwe ndi kalata yoti ndaiwononga ndine, abweretse mtsikana wodziwa."

Munthu wanzeru akanati pepani, Mulungu akuoneni, n'kumaliza tiyi wake. Ine ndinati, "Kompyuta? Ku Joni tinkazitsegula ngati papaya."

Ku Joni ndinapitakodi, ku mgodi, ndipo kompyuta ndinaionadi. Ndinaionera pa galasi la ofesi, ndili panja, tsache lili m'manja.

"Amuna anga inu, pakamwa panu ndimapadziwa," anatero Patuma. "Wotchi ya bambo ija munaikonza, mpaka lero imawadzutsira swala, pemphero la m'bandakucha, dzuwa lili pamutu. Koma ndilibe wina. Tiyeni."

Ku ofesi tinapeza a Selemani, mesenjala, mkulu wa imvi zake ndi kofia yoyera. Patuma anawauza kuti awa ndi a Twaibu, injiniya wa ku Joni, ndipo mkuluyo anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kukanditengera mpando wa bwana. Mukuganiza kuti ndinakana? Ndinakhalapo, n'kupinda malaya, n'kuyala zitsulo zanga pa windo kuti aliyense wodutsa aone.

Patuma anayatsa. Piii. Manambala anathamanga pa galasi, kenako chinaima kudikira deti, monga ananenera. Ndinati sunthani, ndinadina ndi chala cha munthu wodziwa, phaa. Mdima. Piii.

Tsono wailesi iliyonse imamva mbama, zimenezo palibe angandiphunzitse. Ndinapereka mbama imodzi yaulemu kumanzere, ina yolimbirako kumanja.

"Asuweni," anatero Patuma, "chimene mukumenyacho ndi galasi chabe. Kompyutayo ndi bokosi lapansilo."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Ndimayamba ndi kuopseza mnzake."

Ndinamenya bokosilo. Ndinadina. Piii. Ndinamenyanso, ndinadinanso, piii. Thukuta linayamba, ndipo munthu akachita thukuta pakamwa pamamasuka. Ndinanena mokweza kuti, "Chakalamba ichi, chikungobwereza zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, chikufunika kuchotsa n'kuikapo china." Nditadzutsa mutu ndinapeza kuti ndalankhula nditaimirira pansi penipeni pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chija chinkakhala pakhoma m'maofesi onse. A Selemani anali akuyang'ana zala za kumapazi, Patuma anapita kukatseka windo.

"Ndikunena bokosili," ndinatero.

"Tamva, injiniya," anatero a Selemani. "Koma muzilitchula dzina."

Nzeru yachiwiri inali waya wa pansi. Wailesi ikamachita phokoso timailumikiza ku nthaka, ndiye ndinamanga waya kumbuyo kwa bokosi, kumutulutsa pa windo, kumukulunga pa msomali wautali n'kukhomera m'dothi. Ndinapempha a Selemani athirire madzi pa msomalipo. Mkulu wa msinkhu wa bambo anga anaima panja ndi ketulo, kuthirira msomali ngati nazale ya mpunga, n'kumafunsa kuti, "Yamera, injiniya?" Ndinadina. Piii.

Apa ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza mozama, ndipo kuganiza mozama ndi kumene kunandipha. Ku Lilongwe zinkagwira, ku Nkhotakota sizikugwira. Kusiyana kwa Lilongwe ndi Nkhotakota n'chiyani? Nyanja. Chinyezi. Machesi kuno amakana kuyaka, mchere umasungunuka m'botolo, nanga kompyuta ndi ndani? Ndipo mankhwala a chinyezi tonse timawadziwa, mabatire a wailesi akafooka timawayanika padzuwa madzulo n'kumvera nkhani.

"Anatiuza kuti isamatenthedwe," anatero Patuma.

"Amene anakuuzaniwo sanagonepo ku Nkhotakota."

"Asuweni, ana anga ali anayi. Mukatha kudyetsa angati?"

Funso limenelo linandilasa, koma m'malo mobwerera m'mbuyo ndinalimba mtima, poti ndikanavomera pamenepo kuti sindidziwa, ndiye kuti ndamuonongera theka la tsiku pachabe. Ndinamasula masikulu asanu ndi limodzi, kuchotsa chivindikiro, kunyamula bokosilo ngati khanda. Kuseri kwa ofesi kunali thandala, kabedi ka bango kamene akazi awo a Selemani ankayanikapo usipa wogulitsa. Panalibe malo ena okwera. Ndinakankhira usipa mbali imodzi, n'kukhazika katundu wa ofesi pakati, m'mimba mwake muli pululu kuyang'ana kumwamba.

Zoyamba kubwera zinali ntchentche. Sizinaone kusiyana. Ndinathyola kanthambi ka mango n'kumaingitsa, ndipo ndili kalikiliki choncho tambala wina wa m'deralo, amene mwachionekere anali kasitomala wakale wa thandalalo, anadumphira pamwamba. Ndinamukuwa, iye anapalasa ndi miyendo yonse iwiri asanathawe, usipa unauluka ngati mvula, ndipo wambiri unagwera m'bokosi muja. Kodi munayamba mwatolapo usipa pakati pa timawaya ta kompyuta? Mutu umathothoka, umatsalira m'kati. Ndinabwereka pampu ya njinga ya a Selemani kuti ndiuzire timitu timeneto, ine kupopa, iwo kugwira kapaipi, Patuma ataima pakhomo manja ali pamutu.

Ndi mmene anatipezera bwana. Msonkhano wa ku Dwangwa unalephereka, galimoto inalowa nthawi ya nkhomaliro, osati madzulo. Anali munthu wamtali, wa mataye, wosakweza mawu. Anazungulira thandala kamodzi, n'kuyang'ana waya uja wotuluka pa windo ndi matope a pa msomali.

"A Selemani, pano mukuyanika usipa kapena katundu wa ofesi?"

"Zonse ziwiri, bwana."

"Nanga awa ndi ndani?"

"Ndi injiniya wa ku Joni, bwana."

"Ndi msuweni wanga," anatero Patuma ndi mawu otsika. "Ndawaitana ndine."

Bwana anati tilowetse, aone zimene injiniya wachita. Ndinabwezera chivindikiro, masikulu anayi analowa, awiri anatsala, ndinawaponya m'thumba ngati anga. Bokosilo linali lotentha ngati mbatata yootcha. Nditayatsa, kachipupizira ka m'kati kanayamba kuzungulira, ofesi yonse inadzaza fungo la kudoko. Piii. Manambala. Deti. Ndinapemphera chamumtima, ndinadina mwamphamvu kuposa kale lonse. Mdima. Piii.

"Chabwino," anatero bwana. "Mayi Patuma, tengani pepala mulembe lipoti ndi dzanja. Mulembe zonse, mbama ngati zinalipo, dzuwa, usipa. Mulembenso dzina la injiniya ndi mudzi wake. Mawa chibwerere kumene chinachokera."

Masiku amenewo dzina lako kulowa mu lipoti lopita ku Lilongwe sinali nkhani yoseketsa, koma kunena zoona sindinaganize za dzina langa. Ndinayang'ana Patuma. Anakhala pa mpando wake, anatenga pepala, koma tebulo linali laling'ono, lija ankaikapo taipi, panalibe polembera. Ndiye ananyamula kiyibodi, thabwa la mabatani lija, n'kuiika pamiyendo pake kuti pepala lipeze malo. Misozi inkatsika yopanda phokoso. Kompyuta inali itamaliza kuwerenga manambala ake, ikudikira deti monga mwa masiku onse, ndipo iye, kaya n'chizolowezi kaya kutsanzikana nayo, anailembera detiyo pamiyendo pomwepo, pang'onopang'ono, zala zilibe mphamvu.

Sinazime. Inalandira deti, inafunsa nthawi, anaipatsa, inapitirira. Malembo anadzaza galasi, Patuma anati ndi pamenepa ankafika ku Lilongwe.

Tsono apa ndi pamene munthu wamanyazi akanatuluka mwakachetechete n'kukakwera basi. Ine ndinatsokomola.

"Mwaona, bwana? Dzuwa limatero, limachedwa kulowa m'mafupa. Ku Joni timadikira mpaka ola lathunthu."

Ndinalanda kiyibodi pamiyendo ya Patuma, kuibwezera pa tebulo pamalo pake, n'kuwerama kuti ndiwerenge malembo a pa galasi ngati ndikuwamva. Powerama mimba yanga inatsamira m'mphepete mwa kiyibodi, kiyibodi inasendera kutsogolo, ngodya yake inakagunda kabatani kakang'ono ka pa bokosi kamene tonse tinali tisanakaone chifukwa kanabisika kuseri kwa kiyibodiyo. Kanalira ke. Mdima. Piii.

Bwana anaona. Anandisuntha ndi chala chimodzi, anadikira kompyuta ifike pa deti, anakankha kiyibodi pang'ono. Ke. Piii. Anabwereza kachitatu, ngati mwana wapeza choseweretsa. Kenako anavula magalasi n'kutsamira khoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Nkhani yonse inali imeneyo. Kabatani kaja ntchito yake ndi kuyambitsanso kompyuta. Patuma anatha zaka zambiri pa taipi yachitsulo, yofuna kuimenya kuti malembo adutse mapepala a kaboni anayi, dzanja linazolowera nkhonya. Akamenya batani, kiyibodi yopepukayo inkatsetsereka pa katebulo kosalala n'kukagunda kabatani ngati nkhosa yamphongo. Ku Lilongwe matebulo anali aakulu, inkatsetsereka osapeza chogunda. Ine ndinabwera n'kumamenya kuposa iye.

Bwana anatenga pepala la lipoti lija, Patuma anali atangolembapo mutu wokha, analipinda n'kuliika m'thumba. Anauza a Selemani kuti akatenge tebulo lalikulu la m'chipinda cha misonkhano, azule msomali, ndipo akazi awo akapepesedwe pa za usipa. Patuma anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinadziwa kuti msuweni wanga wachira.

"Bwana," anatero, "mlandu wa masiku atatu ndauvomera, ndi dzanja langali. Koma ngati ku Lilongwe angafunse amene wapeza matenda, mulembe mimba ya asuweni. Mutu wawo sunathandizepo chilichonse."

Patuma anagwira ntchito pa ofesi imeneyo mpaka anapuma yekha, ana onse anayi anaphunzira. Ine ndinakwera basi ya ku Salima patapita masiku awiri, chifukwa nkhani inali itafika kale kumsika, amayi ogulitsa nsomba ankandifunsa ngati ndili ndi makompyuta ouma kapena aawisi. Ndinalumbira ndili pa mpando wa basi, ndipo lumbiro limeneli lokha ndi limene ndalisunga moyo wanga wonse: wailesi bweretsani, wotchi bweretsani, koma kompyuta ndimaipatsa moni ndili pakhomo, mimba nditaikokera m'kati.