Kabokosi ka Pansi pa Zenera Langa

Lolemba

Lero kabokosi kanga kayamba ntchito. Ambuye alemekezeke!

Ndilembe bwinobwino, kuti ndikadzakalamba ndisadzadabwe kuti ndinkatani m'maluwa ndi ndodo ziwiri. Masewerawa amawatcha jiyokashing'i. Munthu amabisa kabokosi penapake n'kulemba malowo pa intaneti, ndiye anzake amakafunafuna ndi foni. Ukakapeza umasaina pa kapepala ka m'katimo, n'kukabwezera mwakachetechete. Anandiphunzitsa ndi Mai Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene timagwira limodzi ntchito ya unesi. Ndisanachitidwe opaleshoni ya bondo tinkazungulira dera lonse la Woolwich kuno ku London, azimayi awiri akuluakulu kumasuzumira kunsi kwa mabenchi popanda manyazi.

Tsopano bondo landikhazika pansi. Masiku oyamba anthu a ku tchalitchi ankabwera, ena ndi nkhuku, ena ndi pemphero lokha. Kenako aliyense anabwerera ku mashifiti ake, ndipo sindikuwada. Koma m'nyumba muno muli zii. Kuno munthu sangofika pakhomo n'kunena kuti odi. Amene amagogoda ndi wobweretsa maphaselo basi, nayenso amathawa ndisanafike pachitseko. Ndasungulumwa, ndinene poyera.

Nzeru yanga ndi iyi: ngati sindingapite kukasaka, osakawo abwere kwa ine. Kabokosi ndakabisa mumpanda wa maluwa, kuseri kwa njerwa, pansi penipeni pa zenera la kukhitchini. Woyang'anira mafulati wavomera, bola maluwa ake asaonongeke.

Malamulo, monga anandiuzira Mai Tembo:
- osaulula pamene pali bokosi
- anthu osadziwa masewerawa asaone
- ukatenga kanthu, siyamo kena kofanana nako
- chakudya ayi

Zosavuta zimenezi. Ine ndasunga zinsinsi za odwala zaka zonsezi.

Masana. Mlendo woyamba! Bambo wachizungu wachikulire, chipewa chonyowa, galu wa miyendo yaifupi. Akufufuza mbali yolakwika, cha ku mabini. Mvula ikuwaza. Agwada m'matope, adzuka, agwadanso. Mtima ukundipweteka. Kwathu mlendo akasochera pakhomo pako sumangomuonerera ngati filimu. Ndatsegula zenera.

"Bambo, kumanzere kwanuko, kuseri kwa njerwa yofiirayo."

Andiyang'ana ngati ndawalanda mbale akudya. Anena zikomo, asaina, apita. Tiyi akana.

Lachiwiri

Bambo aja alemba pa intaneti kuti apeza mothandizidwa ndi mwini wake, ngakhale sanapemphe. Ndawerenga mosangalala n'kutumizira Mai Tembo kuti aone mmene anthu akundiyamikira.

Aimba foni ali pa buleki. "Imwe amai, uko sikuyamikira iyayi. Muzungu akakamba so, ninshi akalipa. Mwamuonongela gemu."

Akuti kukoma kwa masewerawa ndi kuvutikako. Akuti kukhala woyamba kupeza bokosi latsopano ndi ulemu waukulu, anthu amathamangira, ndipo ine ndawatafunira bamboyo chakudya n'kuwaika m'kamwa. Manyazi andigwira. Ndalonjeza kuti pakamwa pakhala potseka.

Madzulo kwabwera atsikana awiri pa njinga. Ndakhala pazenera, manja ndapinda. Sindinatulutse liwu ngakhale limodzi, Mulungu ndi mboni. Koma mlomo wanga waloza wokha. Ndi mmene timalozera kwathu, umangoutukula pang'ono osadziwa n'komwe. Mtsikana mmodzi waona, wautsatira mlomowo mpaka panjerwa. Aseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo alemba pa intaneti kuti amene akuvutika ayang'ane pazenera.

Zothokoza lero:
- anthu awiri andibayibitsa
- bondo lapindika pang'ono kuposa dzulo
- Mai Tembo sanaonebe zimene atsikana alemba

Lachitatu

Aona. Ndalamulidwa kutseka katani.

Tsiku lonse ndikumva mapazi panja, anthu akunong'onezana, masamba akuchita tswatswa, ine ndili m'kati ngati mwana wotsekeredwa tsiku la ukwati. Ndasuzumira pang'ono pokha, diso limodzi. Diso limodzi si kuulula.

Dzuwa lisanalowe ndatsimphina kukaona bokosi. Ndinaikamo zinthu zabwino: kolumikizira makiyi ka mbendera ya kwathu, timikanda, kanjovu kosema. Zonse zapita. Zimene andisiyira:
- tikiti yakale ya sitima
- chitsekerero cha botolo
- batani

Batani! Chilungamo chake n'chimenechi? Kwathu mnzako akakubweretsera ndiwo m'mbale, mbaleyo suibweza ndi batani.

Ndakwiya kwa kanthawi, kenako ndayamba kumvera chisoni amene abwere mawa. Munthu akwere basi, anyowe ndi mvula, agwade m'matope, n'kupeza batani. Achoke pakhomo panga chimanjamanja? Zosatheka. Ndakazinga mtedza umene achemwali ananditumizira kuchokera ku Mchinji, ndathira mchere, ndamanga m'timapepala, ndadzaza bokosi. Lamulo la chakudya ndikulikumbukira ndithu. Koma mtedza si chakudya, ndi moni chabe.

Ndagona mtima uli mbee.

Lachinayi

Nkhandwe sizidziwa zoti mtedza ndi moni.

M'mawa ndapeza bokosi lili pakati pa msewu, chivundikiro chatafunidwa, kapepala kosainapo kanyowa, maluwa akumbidwa ngati mwadutsa nguluwe. Nkhandwe za ku London zilibe mantha. Ina inali itakhala pakhoma ikundiyang'ana, ngati ikufunsa kuti mtedza wina uli kuti.

Ndikutolatola zinthu ndi nsonga ya ndodo, atsika mayi Brenda a m'chipinda cha pamwamba. Takhala moyandikana zaka zambiri, koma moni wathu wakhala wogwedezerana mutu. Lero alankhula. Akuti sabata yonse akhala akuona anthu achilendo akuzembera pampanda wanga, kuyang'ana pafoni, kupisa dzanja m'maluwa, kutengamo kanthu n'kuthawa. Dzulo andiona ine mwini ndikuikamo timapaketi. Anali pafupi kuitana apolisi chifukwa amaganiza kuti ndikugulitsa chamba.

Ine! Mlembi wa bungwe la amayi ku tchalitchi!

Ndikanatani? Ndawafotokozera zonse, kuyambira foni mpaka batani. Lamulo lachiwiri lafera pomwepo. Aseka mpaka kukhala pansi pa masitepe. Kenako akwera kwawo, abwera ndi chigoba cha ayisikilimu cholimba chivundikiro, ndipo awerama okha kukachibisa chifukwa ine bondo silikulola.

Ndipo alowa m'nyumba. Akhala pampando, amwa tiyi makapu awiri, andiuza za msana wawo ndi za mwana wawo amene saimba foni. Ndinali nditaiwala mmene khitchini imamvekera mukakhala anthu awiri.

Zothokoza lero:
- apolisi sanabwere
- mayi Brenda
- nkhandwe, pang'ono pokha

Lachisanu

Mayi Brenda akonda masewerawa mopitirira muyeso.

Atulutsa mpando pakhonde lawo la pamwamba, ndipo aliyense amene waima pafupi ndi mpanda akumukuwira kuti wayandikira kapena wapitirira. Akuwira ngakhale wa positi, amene samafuna kanthu. Auza nyumba yonse, auza wa pashopu, auza anthu a pamalo odikirira basi. Ndayesa kuwakumbutsa za chinsinsi. Andiyankha kuti asiya, koma sangapirire kuona munthu akuvutika. Mawu amenewotu ndi anga.

Pofika masana m'maluwa muli kanjira koonekera patali. Munthu sakufunikanso foni, angotsata mapazi.

Mauthenga awiri. Woyamba ndi wa munthu wodzipereka amene amavomereza mabokosi m'dera lino. Akuti osewera adandaula, ndipo akupempha mwaulemu kuti bokosi liimitsidwe kaye. Wachiwiri ndi wa woyang'anira mafulati. Akuti wamva chisoni kwambiri ndi maluwa, ndipo angayamikire bokosi litachoka sabata ino isanathe. Onse awiri andifunira kuchira msanga. Ulemu wa kuno umaluma kuposa kukalipa.

Mai Tembo abwera akuchokera ku ntchito, yunifomu ili m'thupi. Ndimayembekeza kukalipiridwa. Ayang'ana maluwa, ayang'ana ine, akhala pansi.

"Manje mwaona? Imwe simunafune bokosi iyayi. Munafuna chabe bantu."

Ndimati ndikane, koma misozi yafika mawu asanafike. N'zoona. Bokosi likachoka, pazenera panga sipadzaimanso munthu, ndipo ndibwerera ku zii uja. Mai Tembo anditsukira mbale, andisisita bondo, athamangira basi.

Loweruka

Ndachotsa bokosi ndekha m'mawa, ndalemba pa intaneti kuti latha, ndapepesa onse. Lili patebulo, batani lili m'kati. Katani ndatsegula, palibenso chobisa. Mayi Brenda alowetsa mpando wawo.

Zii wabwerera.

Masana, kugogoda. Ndatsimphina mofulumira poganiza kuti ndi phaselo. Ayi, ndi bambo a Lolemba aja, chipewa m'manja, galu pambali. Dzina lawo ndi a Colin, galuyo ndi Bisiketi. Akuti awerenga zoti bokosi latha, ndipo mtima wawo sunakhazikike chifukwa mawu oyamba odandaula anali awo. Abwera kudzapepesa. Ine ndati wopepesa ndine. Takanganirana kupepesa pachitseko mpaka galu wagona pansi.

Lero tiyi sanakane. Mtedza wotsala autha, akufunsa ngati ndi umene unaitana nkhandwe, ndipo akuti nkhandwezo sakuziimba mlandu. Ndawafotokozera kuti kwathu kuonerera mlendo akusochera ndi nkhanza. Amvetsera mpaka kumapeto. Iwo akuti chipumireni pa ntchito, palibe amene amawalola kuvutika ndi kanthu. M'basi amawapatsa mpando, pashopu amawanyamulira thumba. Kufunafuna bokosi ndi chinthu chokha chimene anthu amawasiya achite okha. Ndamva chisoni kuti ndinawalanda chimenecho.

Kenako apempha chigoba changa cha ayisikilimu. Ali ndi malo m'mbali mwa mtsinje amene anapempha kale chilolezo. Akufuna akabise bokosi langa kumeneko, anditumizire manambala olozera malowo pafoni anthu ena asanadziwe, kuti woyamba kupeza ndikhale ine. Ndawaonetsa ndodo zanga. Akuti basi imafika pafupi, mabenchi alipo ambiri, ndipo Bisiketi nayenso sathamanga.

"Ndidzakuperekezani," atero. "Koma pamene lili sindidzakuuzani."

Ndawapatsa bokosi ndi manja awiri. Ndaikamo kolumikizira makiyi kena, batani ndachotsa. Ndawaperekeza mpaka pageti.

Lamulungu

Sindinalipeze.

Tanyamuka mapemphero atatha: ine, a Colin, Bisiketi, ndi mayi Brenda, amene aloledwa kubwera chifukwa nawonso sakudziwa pamene lili. Kumtsinje kuli mphepo. Foni ikuti ndafika. Ndafika pati? Pali benchi, pali khoma, pali zitsulo za mpanda, pali nkhunda. Ndapisa dzanja paliponse pamene dzanja lingalowe. Ndapeza kangaude, chingamu cha munthu wina, ndi sokosi imodzi.

A Colin akhala pabenchi, manja pa mawondo, akuyang'ana madzi. Ndayang'ana mlomo wawo: suloza. Ndayang'ana maso: palibe. Ndayang'ana galu: wagona. Mayi Brenda akuzungulirazungulira akukuwa kuti ndayandikira, chonsecho sakudziwa kanthu. Ndayesa kuwanyengerera a Colin ndi mtedza wina, ndayesa kutsimphina mokokomeza. Pomaliza ndapempha.

"Bambo Colin, ngakhale ndi diso lokha."

"Ayi, mayi. Ndikakuuzani ndiye kuti ndakulandani."

Ndawakwiyira kwambiri munthu ameneyu, ndipo sindikumbukira tsiku limene wina anandichitira zabwino chotere. Bondo litatopa ndakhala pansi, tamwa tiyi wa m'fulasiki, ndipo ndavomera kuti lero ndalephera. Mwina ndakhalira bokosilo, sindikudziwa. Mai Tembo ndawauza pafoni, aseka mpaka kutsokomola.

Zotsatira za sabata:
- bokosi langa: lapita
- maluwa: afa
- malamulo osungidwa ndi ine: limodzi, mwina
- bondo: layenda mtunda umene silinayendepo chichitireni opaleshoni

A Colin andiperekeza mpaka pakhomo. Akuti Lachiwiri adzanditenganso tikayesere, ndipo ndikalephera tidzapitanso Lachinayi. Mmene ndikudzidziwira, tipita kambiri. Ndawauza kuti akadzafika asadzagogode ngati wa maphaselo, adzanene kuti odi. Ayeserera pomwepo pachitseko, iwo ndi mayi Brenda. Zatuluka zokhotakhota, koma ndayankha kuti lowani.

Ndatsuka makapu atatu, ndawasiya patebulo.